Amalume a Sefu ndi Galimoto ya kwa Eni Ake

Uthenga wa imfa ya amalume a Sefu unandipeza pamsika wa ku boma, ndikupimira mayi wina mpunga. Anaimba foni ndi Yusufu, mwana wawo woyamba. Ndinanena mawu amene Msilamu aliyense amanena akamva za maliro, kenako ndinamaliza kupima mpunga uja n'kuikaponso kabasela. Misozi ndinaidikira tsiku lonse koma sinabwere, ndipo sindinaikakamize.

Ashehe amatiphunzitsa kuti wakufa tizimufunditsa nsalu, zoipa zake tizisiyira Mulungu. Ndimawamvera ashehe pa zambiri. Koma pakhomo paja akufa alipo awiri, nsalu ndi imodzi. Ndikawafunditsa amalume, mayi Asiyatu akhalabe pambalambanda monga akhalira zaka zonsezi. Mayi Asiyatu anali akazi awo. Ndiwo anandilera mayi anga atamwalira, ndiwonso anandiyalira mphasa banja langa litatha. Amalume anawalanda chinthu chokhacho chimene munthu amasiya kunja akamalowa m'manda, ndicho dzina.

Kwathu ku Malengachanzi, mtsikana akamalangizidwa za banja, anankungwi amamuuza kuti asadzachite za Asiyatu. Amatanthauza kuti asamabise zinthu kwa mwamuna wake, chifukwa chobisa chimapha mwini. Ana obadwa dzulodzuloli amanena mawuwa akuseka, osadziwa n'komwe kuti Asiyatu anali munthu, wamfupi, wotupa miyendo, wodziwa kuphika mpunga wa nazi kuposa aliyense m'mudzi. Mawuwa anachokera pakamwa pa amalume tsiku loika maliro a akazi awo, ndipo anali bodza. Ine ndinalipo.

Achinyamata a masiku ano amalume ankawadziwa ngati nkhalamba yotsuka galimoto yakufa. Lachisanu lililonse m'mawa, asanapite kumzikiti, ankatsegula loko wa shedi yawo ya bango, n'kutenga ndowa ndi kansalu, n'kuyamba kupukuta pikiapu yoyera imene matayala ake anali ataphwa kalekale. Makoswe anali atadya mipando, mavu atamanga zisa m'mbali mwa zitseko, koma penti inkawala. Ogula zitsulo zakale akafika, ankawathamangitsa ndi ndodo. Amakaniko a ku boma anawauzapo kuti pali injini yabwino yochotsa m'galimoto ina imene inagubuduka, iwo anati injini ya kumanda siingalowe m'galimoto mwawo. Anthu ankati ndi chikondi, ena mpaka ankati nkhalambayo ikulira mkazi wake mwanjira yakeyake. Ine ndinkangoti hm. Galimoto ija inakhala pamenepo ngati chivundikiro pamphika, ndipo ndinkadziwa chimene chinali mumphikamo.

Anali wamtali amalume, woonda, wa kanzu yoyera yofika m'mapazi imene sinkadziwa fumbi ngakhale mwezi wa Okutobala. Ankayenda ngati akuopa kuponda chonyansa. Sanali wakuba, swala ya kumzikiti sankaidumpha, ndipo nsomba zimene ankagula kwa asodzi a ku Bua n'kukagulitsa ku Kasungu ankazilipira osanyengerera kapena kuchedwetsa. Izi ndikuzinena kuti wina asati ndabisa. Koma pakhomo sankafunsa funso, ankangoyankha. Makiyi ankawamangirira pa chingwe m'thumba la kanzu, ndipo akayamba kuwaliza ndi zala, tonse tinkadziwa kuti nkhani yatha. Mayi Asiyatu anaphunzira kumva makiyiwo ali kuseri kwa nyumba.

Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti chinthu chimachira kwa eni ake. Wotchi ikaima, kwa eni ake. Wailesi ikayamba kukhosomola, kwa eni ake, ngakhale eni akewo akhale kutsidya kwa nyanja zamchere. Munthu wa m'mudzi amene manja ake ali ndi girisi ankamuona ngati khoswe wolowa m'nkhokwe. Chidani chimenechi sichinangomera chokha. Galimoto yawo yoyamba, yogula kwa munthu, inaphedwa ndi makaniko wina wa pansi pa mtengo wa mango, dzina lake Kamoto, amene anaimasula yonse ataledzera n'kulephera kuibwezera. Zitsulo zina anagulitsa, zina ana ankaseweretsa. Amalume analumbira pamaso pa anthu kuti sipanala ya munthu wa ku Nkhotakota siidzakhudzanso chinthu chawo. Kamoto ndinkamudziwa, analidi chidakwa. Koma munthu akapsa ndi phala satemberera chimanga chonse cha m'dziko.

Pikiapu yoyera ija anakaigula yatsopano ku kampani yogulitsa magalimoto ku Lilongwe. Kuti ndalama zikwane anagulitsa dimba la mpunga la azilongo awo, limene ankangolisunga monga mwini mbumba. Mayi anga aang'ono analira mpaka mawu kutha. Amalume anawayankha kuti dimba silinyamula munthu kupita naye kuchipatala, koma galimoto idzanyamula mbumba yonse. Mawu amenewa muwasunge.

Tsiku lopita kusevisi linali ngati la Idi. Ankameta, kuvala kanzu ya mabatani ndi kofia yopeta, kudzipaka mafuta onunkhira. Akabwerako, nkhani inkakhala ya sabata yonse. Ankasimba za makoma agalasi, za mphepo yozizira yotuluka m'denga, za tiyi wamkaka wobwera m'kapu yokhala pa kambale kake, za mtsikana wa pakauntala amene ankawatchula kuti bwana Sefu. Pansi pake, ankati, mpoyera moti ukhoza kuswalirapo. Tsiku lina ndinawafunsa kuti nanga amene amagwira galimotoyo ndi wotani, wamkulu kapena mwana. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za haramu. Amakanikowo ankagwirira ntchito kuseri kwa khoma, kumene makasitomala saloledwa, ndipo amalume sanaonepo nkhope ya mmodzi yemwe. Kamoto ankamudziwa mpaka dzina la agogo ake, n'kumuda. Awa osawadziwa ndiwo anawapatsa mtima wonse.

Galimoto inkabwerako itavekedwa mapepala apulasitiki pamipando, ndipo mapepalawo sankachotsedwa. Okwera kutsogolo ankatsika msana uli chonyowa, koma palibe ankadandaula. Pagalasi pankakhala kasitika kolembapo nthawi ya sevisi yotsatira, ndipo kasitika kameneko kanali ndi mphamvu pakhomo paja kuposa mawu a munthu aliyense wamoyo. Anawauza kugalajako kuti munthu wina akangogwira injini, lonjezo la kampani lokonza galimoto ulere lithera pomwepo. Iwo anamva kuti ngakhale boneti satsegula. Madalaivala anzawo m'mawa ankasolola kachitsulo koonera oyilo, kupukuta, kuyang'ana. Amalume ankawaseka kuti amenewo ndi anthu a magalimoto odwaladwala. Yusufu, atabwera kutchuthi kuchokera ku Dwangwa kumene ankagwira ntchito, anatsegula boneti kuti aone madzi. Bambo ake anamumenya khofi pamaso pa mkazi wake, ndipo mwezi wonse wa Ramadani sanamulankhule.

M'shedi muja munkalowa anthu awiri okha. Amalume ankatulutsa galimoto m'mawa, kenako mayi Asiyatu ankalowa ndi tsache, iwo ataima pakhomo ndi loko m'manja. Ndiye woyamba kuona dontho anali mayi Asiyatu. Galimoto inali itangobwerako kusevisi dzulo lake. Pansi pa shedi ndi pakatondo, dothi lofiira, ndipo dontho lakuda linkaoneka bwinobwino, pamalo pamene pamakhala injini. Anawaitana amuna awo n'kuwalozera. Ine ndinali pakhonde ndikusankha mpunga, ndinamva zonse.

Amalume anaimba foni kugalaja, n'kukweza mawu a foniyo kuti tonse timve mmene eni ake amayankhira. Mtsikana wa pakauntala uja anayankha mokoma. Anati bwana asade nkhawa, ameneyo ndi oyilo wotayikira pothira, auma yekha. Anati galimoto ibwere nthawi yolembedwa pa sitika, ndipo chachikulu, asalole munthu wamba kulowa pansi pake. Mtsikanayo galimoto sanaione, dontho sanalione, mwina injini sanaionepo chibadwire. Amalume anatseka foni akumwetulira, n'kuwauza akazi awo kuti tsache lisamaphunzitse sipanala ntchito.

Dontho silinaume. Linakula. Patapita masiku mayi Asiyatu anaima pakhomo pa shedi, tsache lili m'manja, n'kulankhula motsitsa mawu monga ankachitira nthawi zonse.

"Abambo a Yusufu, lija linali dontho, lero ndi mbale. Tapezani munthu angosuzumira pansipo. Kusuzumira si kugwira."

"Amake Yusufu, eni ake ananena. Inu mwaphunzira liti za magalimoto?"

Makiyi analira m'thumba, nkhani inatha. Koma mtima wa amalume unkadziwa. Anasiya kuimika galimoto pabwalo la mzikiti, amvekere dzuwa likuwononga penti. Kumsika ankaiimika pa udzu. Chimene chinkawadya si injini ayi, koma maso a anthu. Munthu amene wakhala akunyoza amakaniko a boma lonse, n'kumatama eni ake pabwalo lililonse, anthu adzaone galimoto yake ikudontha itangochoka kwa eni akewo? Bola afe. Kungoti amene anafa si iwo.

Anayesa kukwirira ndi katondo, koma oyilo ankatulukira pamwamba ngati mafuta pa msuzi. Ndiye tsiku lina pochokera ku Bua anabwera ndi matumba a mchenga woyera wa m'mbali mwa nyanja, atawabisa pansi pa madengu a nsomba. Ndinawaona akuwatsitsa okha, munthu amene sankanyamula ngakhale mpando wake. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankathira mchenga ndi manja awo kuti umwe oyilo, kenako n'kuwalamula akazi awo kusesererapo katondo pamwamba kuti pafanane ndi ponse. Mayi Asiyatu ankasesa. Akanatani? Madzulo ena tikutsuka mbale anandinong'oneza kuti, mwanawe, chinthu chikamataya madzi ake tsiku ndi tsiku, tsiku lina chidzauma. Ndinawauza kuti ndiimbira Yusufu. Anandigwira dzanja n'kundiletsa, anati mwanayo anamenyedwa kale kokwanira chifukwa cha galimoto imeneyi.

Inali nyengo yokolola mpunga. Masana dzuwa lili pamutu, mayi Asiyatu ankapeta pabwalo, ndipo ndinangomva lichero likugwa. Ndinawapeza ali chigonere, pakamwa patakhota, dzanja limodzi lili lendee. Anansi anathamangira, tinayala matiresi kumbuyo kwa pikiapu, ine n'kukhala nawo nditawatsamiritsa pamiyendo panga. Amalume analiza galimoto. Ndinayamika Mulungu mumtima kuti dimba la mayi aang'ono lija lero ligwira ntchito.

Tinalowa mumsewu wa tala, tinayenda ndithu. Kenako pansi panayamba kugogoda, ngati wina akukhoma msomali m'kati mwa injini. Fungo la chopsereza linatifika kumbuyo. Kugogoda kunakula, galimoto inagwedezeka, n'kuzima. Tinaima pakati pa tchire, boma likadali kutali, kumudzi kulinso kutali. Amalume anatsika, anazungulira galimoto, anaiyang'ana. Ngakhale pamenepo boneti sanatsegule. Anatulutsa foni n'kuyamba kuimbira eni ake.

Ine ndinatsika n'kuima pakati pa msewu ndi chitenje m'manja. Minibasi inadutsa yodzaza. Galimoto ina yaing'ono inachepetsa liwiro, anthu anasuzumira, n'kupitirira. Dzuwa linkawotcha, mayi Asiyatu akupuma mokoka, amalume ali pafoni kudikira kuti mtsikana wa pakauntala awapatse bwana wake. Imene inaima inali lole ya nkhuni. Anyamata a m'lolemo anawanyamula mayi ndi matiresi omwe n'kuwaika pamwamba pa nkhuni. Ndinawaitana amalume kuti akwere.

"Tsogolani. Nanga galimotoyi ndiisiyira ndani?"

Ameneyo ndiye anali amalume anga. Mayi Asiyatu sankatha kulankhula, koma makutu ankamva, ndipo dzanja lawo labwinolo linafinya chitenje changa. Linafinyabe mpaka tinayamba kuona nyumba zoyamba za ku boma, kenako linamasuka. Kuchipatala anangotiuza zimene ndinkazidziwa kale.

Sindikunena kuti akanafika msanga akanachira. Zimenezo adziwa ndi Mulungu, ndipo tsiku la munthu silisuntha. Amalume akanakhala pansi n'kunena kuti abale anga, ndinakhulupirira anthu osawadziwa, ndinachita manyazi, ndalakwa, bwenzi ine nditalira nawo limodzi. Bwenzi lero ndikulemba zina. Chimene sindinawakhululukire chinachitika mawa lake.

Amuna atabwerako kumanda anakhala pabwalo, ife akazi tili m'nyumba ndi pakhonde. Mkulu wina anafunsa funso limene aliyense anali nalo, loti zatheka bwanji galimoto yongochoka kumene kwa eni ake kufera panjira. Ndinamva makiyi akulira. Kenako amalume analankhula, mawu ali phee, ngati munthu wosweka mtima.

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji? Amasesa m'shedimo ndi iwo. Anaona oyilo akudontha n'kumakwirira ndi dothi la pabwalo, kuopa kuti ndikwiya. Akanandiuza, bwenzi lero ali moyo. Akazi ndi matsache awo."

Amuna anapukusa mitu. Wina anati pole, bwana Sefu, pepani. Ndinatuluka pakhonde osafunda n'komwe bwino, n'kuima pamene mkazi saima.

"Amalume, opani Mulungu. Dothi la pamanda silinaume. Mchenga uja munatenga ndinu ku Bua, munkathira ndinu. Tsegulani shediyo anthu aone."

Sanakwiye. Anangotembenukira kwa ashehe n'kunena mwachisoni kuti amukhululukire mwanayu, pakamwa pomwepa ndi pamene panamuthetsera banja. Basi. Mawu a mkazi wosiyidwa ndi mawu a munthu wa kanzu yoyera, sikelo yake inali yodziwikiratu. Ashehe anati subira, mwanangu, pirira. Akazi anzanga anandikokera m'nyumba. Palibe amene akanakakamiza namfedwa kutsegula loko wake tsiku la maliro chifukwa cha ine. Amene ananditulutsira chikwama changa panja anali Yusufu, yemwe uja mayi ake ankamuteteza. Anandiuza kuti ndisadzapondenso pakhomo pa bambo ake.

Yusufu anakhulupirira, ndipo chimenechi chinandipweteka kuposa kuthamangitsidwa. Anawakwiyira mayi ake ali m'manda. Mkazi wake anali ndi pakati nthawi imeneyo, ndipo anali atagwirizana kale kuti akadzakhala wamkazi adzakhala Asiyatu. Anabadwadi wamkazi, anamutcha dzina lina. Akuluakulu amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, koma Yusufu dzina la mayi ake sankalitchula ngakhale pa duwa, pemphero la pakhomo. M'mudzi nkhani inayenda kuchokera pachitsime kufika kuchigayo, mpaka inagwera m'manja mwa anankungwi, amene amakonda nkhani yokhala ndi maliro kumapeto. Mayi Mwanahawa, nankungwi wamkulu, ndiwo anayamba kuiika m'malangizo.

Za kugalaja ndinazimva kwa dalaivala wa lole imene inakoka pikiapu kupita nayo ku Lilongwe, poti mkazi wake timagulitsa moyandikana. Pomangirira unyolo anaona kuti bawuti ya pansi pa injini, imene amamasula pokhetsa oyilo wakale, panalibepo. A kugalaja anaibwezera mokhota tsiku la sevisi lija, inkamasuka pang'onopang'ono mpaka inagwa panjira. Eni ake sanavomere. Anawakhazika amalume pampando wofewa, anawapatsa tiyi pa kambale kake, n'kuwafotokozera mwaulemu kuti injini yafa chifukwa mwini wake anaiyendetsa yopanda oyilo, ndipo zotero lonjezo silikhudza. Za foni ija anati palibe akuikumbukira. Anawauza mtengo wa injini yatsopano, umene ngakhale madimba onse a mbumba sakanaukwanitsa. Potuluka anawapatsa kalendala. Mukuganiza kuti anaing'amba? Anaikhoma pabalaza, ndipo inakhala pamenepo mpaka mapepala ake anasanduka achikasu. Galimoto anaikoketsanso kubwerera kumudzi, n'kuikankhira m'shedi, pamalo pake penipeni.

Mpaka imfa yawo sananenepo choipa cha galaja ija. Mnyamata wina wa m'mudzi atagula galimoto, amalume anamuitana n'kumulangiza kuti azipita nayo kwa eni ake, ndiponso aziyang'anira mkazi wake. Akanawanena eni ake, akanayenera kunenanso za foni, za dontho, za mchenga. Kunali kosavuta kusenzetsa zonse munthu amene sangayankhe.

Ndinakumana nawo kamodzi kokha pa zaka zonsezo, pamsika. Anali atakalamba, kanzu ikuwalendewera. Anaima patsogolo pa mpunga wanga osazindikira kuti ndi wanga, ndipo atadzutsa maso tinayang'anana. Ndinawapatsa moni monga mwana wa mlongo wawo. Anatsegula pakamwa, ndipo ndinaganiza kuti mwina lero. Dzanja linalowa m'thumba, makiyi analira, iwo n'kupita kukagula kwa mnzanga. Ndinawada tsiku limenelo kuposa tsiku la maliro, chifukwa ndinaona m'maso mwawo kuti sanaiwale kanthu.

Kumaliro kwawo sindinapite. Ku arobaini, sadaka imene timachita masiku a maliro akakwana, ndinapita chifukwa mayi aang'ono anandikakamiza, anati mwini khomo wapita. Ndinapeza galimoto kulibe. Hamisi, mng'ono wake wa Yusufu, anali ataigulitsa kwa a zitsulo zakale sabata yomwe bambo ake anaikidwa. Mvula inali isanathe, ndiye amayi anagwirizana kuti miphika ikuluikulu ya mpunga iphikidwire m'shedi, poti muli denga. Loko Hamisi anachita kuthyola potulutsa galimoto, chifukwa makiyi palibe anadziwa kumene nkhalamba inawabisa.

Mayi Mwanahawa ndiwo ankatsogolera zophika. Analoza pakati pa shedi kuti akumbepo ngalande ya moto, n'kutenga okha khasu kuti aonetse atsikana kukula kwake. Khasu loyamba linatulutsa katondo. Lachiwiri linatuluka ndi chinthu chakuda, chonona, chonunkha galaja. Anakumbabe modabwa, ndipo m'mbali mwa dzenje munaoneka mizere, wofiira, woyera, wakuda, wofiira, woyera, wakuda, kutsika pansi. Pamene oyilo sanafike, mchenga unali mbee ngati wautenga dzulo. Pakhomo pathu paja palibe mchenga wotero. Ukakumba ngakhale chitsime umangopeza katondo.

Ine sindinayambe kulankhula. Ndinalankhula kale, zaka zapitazo, pamaso pa anthu omwewa. Wina anakaitana Yusufu kuti adzaone ngati pamenepo n'poyatsa moto. Anabwera ndi kanzu yake yoyera, ndevu zitayamba imvi, akufanana ndi bambo ake moti ndinachita kuyang'ana kumbali. Ananjuta pa dzenje, anatapa mchenga, n'kuusiya ukutsika pakati pa zala. Anafunsa, osayang'ana munthu, kuti mchenga umenewu unachokera kuti.

"Ndi wa ku Bua, Yusufu," ndinatero. "Mayi ako, ndi miyendo ija, akanafika ku Bua? Akanasenza matumba?"

Aliyense m'shedi muja ankadziwa kuti mayi Asiyatu ankapumira panjira popita pachitsime chenichenicho, ndipo nyanja anali asanaione kwa zaka. Aliyense ankadziwanso kuti pakhomo paja chimene chinkapita ku Bua ndi chimodzi, woyendetsa wake mmodzi. Mayi Mwanahawa anaika khasu pansi n'kukhala pa chitsa. Anati, ndiye ana onse aja takhala tikuwalangiza ndi bodza?

Mpunga tinakaphikira kuseri kwa nyumba, pansi pa tenti. Ashehe anawerenga duwa, anthu anatama malemu kuti anali munthu wa swala, wosadya cha mwini, ndipo zonsezo zinali zoona. Atamaliza, Yusufu anaimirira n'kupempha kuti awerengenso ina ya mayi ake, Asiyatu. Dzinalo analitchula mokweza, mawu n'kuthyokera pakati. Pamenepo ndiye misozi yanga ija inabwera, koma sinali ya amalume.

Sindikudzinamiza. Mawu akalowa m'kamwa mwa anthu satuluka ndi khasu limodzi. Sabata yapitayi ndinamva mtsikana wina pamsika akuseka mnzake kuti asachite za Asiyatu. Ndinamuitana, ndinamukhazika pa thumba la mpunga, ndinamuuza zonse zimene ndalemba panozi. Ndidzachita chimodzimodzi kwa aliyense, mpaka pakamwa panga pamene amalume ankapanyoza padzatsekedwe ndi sanda, nsalu ya maliro.

Ndinadutsako pakhomo paja posachedwa. Nyumba njotseka, ana onse ali kuntchito zawo. Shedi ikadalipo, chitseko chili pululu, loko wothyoka akulendewera pa msomali. Pansi pali maenje anayi pamene panakhala matayala, ndipo mavu asamukira kudenga. Kukona kuli tsache lakutha, lomanga ndi kansalu kobiriwira, limene linatsamira pamenepo kuyambira m'mawa wa tsiku lija mayi Asiyatu anagwa. Dzenje la mayi Mwanahawa lili pakati, mizere yake ikuonekabe. Hamisi anafuna kulifotsera kuopa ana angagweremo, koma Yusufu anakana, anati pakhomo pano takwirira zokwanira. Denga likudontha, madzi a mvula adikha m'dzenjemo, ndipo pamwamba pake payandama oyilo. Nkhuku za anansi zimafika, n'kusuzumira, n'kubwerera osamwa.